Tsiku Limene Zikhale Anachapa Banjo

Mukadamuona Zikhale Banda atawerama m'maluwa pa nyumba ina ku Area 10, chipewa chitamira mpaka m'makutu, simukadaganiza kuti ameneyu angalowe mu wayilesi. Kunena zoona, woimba sanali ayi. Zala zokha ndizo zinkadziwa nyimbo, koma pakhosi, abale inu, panali ngati geti ya dzimbiri. Kutchalitchi akati atsatire nyimbo mokweza, mkazi wake Naphiri ankamugunda ndi chigongono kuti atsitse. Mawu a m'banjamo onse anapita kwa mkulu wake, a Nebert, munthu wamtali, wa nkhope yosapatsa chidwi ngakhale pang'ono. Iwo eni ankanena okha kuti ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbozo ankazidziwadi.

Abale awiriwa anabadwira kwa Mdzeka, kamudzi ka kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi, pamalo pamene pambuyo pake panadzamera maofesi. Bambo wawo, a Chikaonda, anali katswiri wa bangwe, koma anamwalira Zikhale akadali kumsana. A Nebert nthawi imeneyo anali ataweta kale mbuzi, choncho nyimbo zonse za bambo anazitola ndi makutu awo. Zikhale sanatoleko kanthu: nkhope sanaidziwe, chithunzi kunalibe, mawu sanawakumbukire. Anakula akungomva kwa anthu kuti, "Bambo ako akaimba, ngakhale osinja ankaimitsa misi." A Nebert nawo anthu akawayamikira pamowa ankangopukusa mutu n'kuti, "Ine? Ine ndimangokanda pamwamba. Mukadawamva bambo!" Mawu amenewa ankamuwawa Zikhale, ngakhale sankauza munthu.

A Nebert atakula anapita ku Joni kumigodi. Anabwerako ndi sutikesi, jasi lalitali lakuda ndiponso chifuwa. Pobwera anapeza mng'ono wawo atapanga banjo: sefuliya yobooka ya mayi awo, chikopa cha mbuzi, mpini wa mtengo wa mlombwa ndi nsambo zinayi za waya wa mabuleki a njinga. Kuyambira pamenepo maukwati ndi mowa wa m'midzi yonse ya kumeneko sizinkakoma popanda ana a Chikaonda. Mmodzi ankakanda nsambo, wina n'kumang'amba kukhosi.

Kenaka kunabwera anthu a zikhomo ndi zingwe zoyezera, pambuyo pawo akatapila. Likulu la dziko linali kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe, ndipo a kwa Mdzeka anawasamutsira kutali, chakumadzulo. Zikhale sanakhalitse kumalo atsopanowo. Anabwerera kudzafuna ntchito, n'kuyamba ya m'maluwa kwa mzungu wina ku Area 3. Mzunguyo atapita kwawo, iye analembedwa ku Area 10 kwa a Orton Msiska, bwana wa m'boma wochokera ku Rumphi, amene anasamuka ku Zomba pamodzi ndi ofesi yawo ndi mkazi wawo mayi Phyllis, namwino. Ntchito yakeyo Zikhale ankaiseka yekha. Munthu amene anakula akulimbana ndi udzu m'munda tsopano ankauthirira kuti ukule, ukakula n'kuutchetcha, akautchetcha n'kuuthiriranso. Koma ankaigwira mokhulupirika, ndipo maluwa a pa nyumbayo ankaimitsa anthu pamsewu.

Chakumapeto kwa 1974 chifuwa cha a Nebert chinakula. Zikhale anakawatenga kumudzi kuti adzakhale naye m'kanyumba ka antchito kuseri, pafupi ndi chipatala. Tsiku lina Naphiri akuchapa anapeza magazi pa kansalu ka alamu akewo, nakaonetsa mayi Phyllis. Mayiwo anawatengera kuchipatala tsiku lomwelo, n'kuyamba majekeseni ndi mapiritsi. Pobwerako anamuitanira Zikhale pambali, kuseri kwa thanki ya madzi.

"A Banda, sindikunamizani. Mankhwala tayamba, koma tayamba mochedwa. Miyezi yozizira ikawapeza ali chonchi, sindikudziwa."

Zikhale anangoti, "Ndamva, mayi," n'kubwerera ku maluwa ake. Koma mumtima munali mantha aakulu. Ankaopa maliro, inde, koma ankaopanso china: akapita a Nebert, mawu aja apita nawo kumanda, nyimbo za bambo zonse zatha, iye n'kutsala ndi banjo yopanda woimbira. Kodi akadzawauza chiyani ana ake? Adzangoti, "Mukadawamva abambo anu aakulu," monga momwe ena ankamuuzira iye?

Mwayi unadzera mwa a Msiska. Bwanayo ankawamva abale awiriwa akuimba Lamlungu masana kuseri, ndipo ankanamizira kuyendera mapapaya kuti amvetsere. Tsiku lina m'mwezi wa February anamuimitsa Zikhale pageti.

"A Banda, Loweruka likudzali kukubwera anthu a wayilesi kuchokera ku Blantyre. Akudzajambula oimba a likulu latsopano, ku City Centre. Wogwira makina awo ndi Percy, tinaphunzira limodzi, ndipo ndamuuza za inu. Koma mumve bwino: akubwerera tsiku lomwelo. Akapita, mwina tidzawaonanso chaka chamawa."

Chaka chamawa! Zikhale anayang'ana kukanyumba kuja, kumene kunkamveka kutsokomola, ndipo anadziwa kuti Loweruka limeneli ndi lokhalo.

Tsono tamverani zimene anachita munthu wamkulu ndi ndevu zake. Loweruka m'mamawa, kunja kuli mvumbi wosalekeza, anatenga banjo yake n'kuiyang'anitsitsa. Chikopa chinali bii, chodzaza thukuta la zaka zambiri, utsi wa m'maukwati ndi madontho a mowa wa masese. Anaganiza za nyumba za ku City Centre zonyezimira magalasi, anaganiza za mabwana a mataye, ndipo manyazi anamugwira. Anatenga sopo ndi bulashi yotsukira matayala a galimoto ya bwana, n'kuikwecha banjoyo mpaka chikopa chinayera mbee. Naphiri potuluka ndi tiyi anatsala pang'ono kugwetsa kapu.

"Abambo, mwaichapa?"

"Nanga ndikalowe nayo m'nyumba ya boma ili ngati mphika wa nyemba? Iuma m'njira."

Iuma m'njira, mvula ikugwa chotere! Kuwonjeza apo anaikulunga m'thumba la feteleza la pulasitiki kuti isanyowe, ngati kuti inali youma. Zikhale ankadziwa bwino lomwe kuti chikopa sichigwirizana ndi madzi, popeza pa ukwati uliwonse wa nthawi ya dzinja ankayamba waiwamba banjoyo pamoto. Koma manyazi akalowa m'mutu, nzeru zimatulukira pawindo.

A Msiska anawatula pakhomo pa nyumba ina yatsopano ya nsanjika, n'kupitirira ndi mayi Phyllis ku msika wa m'tauni yakale. M'katimo munali fungo la penti. Chipinda chojambuliramo anachitchinga ndi mabulangete m'makoma, pansi pali kapeti wofewa moti a Nebert anafuna kuvula nsapato. Pa tebulo panali makina a mawilo awiri ozunguza tepi, ndipo kumbuyo kwake kunakhala a Percy, munthu wamfupi wa magalasi, zomvetsera zili m'makutu. Oimba anadza ambiri: gulu la magitala la ku Kawale, wa akodiyoni wina wa ku Mchesi, ndi kwaya ya amayi ovala zoyera. Abale awiriwa anadikira pabenchi mpaka dzuwa, likadakhalapo, likadapendeka.

Itakwana nthawi yawo, Zikhale anasolola banjo m'thumba muja, n'kukanda nsambo. Phwa! Anakandanso. Phwa, phwa! Chikopa chinali chitalefuka ngati chiguduli chonyowa, ndipo kamtengo kotsamira nsambo kanali katamira m'kati. Amayi a kwaya anabisa pakamwa ndi mipango. A Nebert anaiyang'ana banjo yoyerayo, kenaka anamuyang'ana mng'ono wawo.

"Iwe Zikhale, wayichita chiyani?"

"Ndinaichapa, akulu."

"Unaichapa! Ndi sopo?"

"Ndi sopo."

"Kalanga ine! Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Banjo imeneyi yatidyetsa m'maukwati ili yakuda, lero waichitira manyazi?"

Wa magitala wina anamubwereka gitala mwachifundo. Zikhale anaigwira, koma nsambo zisanu ndi imodzi zinamusokoneza, zala zinangosochera. A Nebert nawo anakana kuimba popanda banjo, ati mawu awo amatsamira pa iyo, popanda iyo agwa. A Percy anavula zomvetsera zija n'kuyankhula mwaulemu.

"Pepani, akuluakulu. Tijambule kaye kwayayi. Ikatha ife tikupakira, chifukwa ulendo wa ku Blantyre ndi wautali ndipo mvulayi ikuononga msewu. Mukapeza chochita amayiwa asanamalize, bwerani."

Chochita chinali chimodzi: moto. Zikhale anawasiyira a Nebert banjo pakhonde n'kuthamangira kwa mlonda wa pakhomo, a Sumaila.

"Achimwene, ndithandizeni moto, ngakhale khala limodzi."

"Moto muno? Mukufuna andichotse ntchito? Mbaula ndi ya mnzanga wa usiku, ndipo amaitsekera m'kachipinda, kiyi amapita naye."

Anathamangira kumene amisiri ankamanga nyumba ina, poti iwo amaphika tiyi pa njerwa. Loweruka masana anali ataweruka, anangopeza phulusa lonyowa. Anazungulira kuseri kwa banki, anadutsa pa kapinga wobzalidwa kumene, matope ali thaphwithaphwi m'nsapato zake za tchalitchi. M'tauni yakale moto ukadapezeka pa khonde lililonse, kwa atelala a simbi zamakala, kwa ootcha chimanga. Koma kuno kunali simenti, magalasi ndi misewu yotakasuka yopanda munthu. Utsi sunkaoneka paliponse.

Atatopa anaima pamalo ena oimikapo galimoto, pansi pa mkuyu umene akatapila anausiya. Anauyang'ana, n'kuuzindikira ndi nthambi yake yokhota. Unali mkuyu wa kwa Mdzeka, ndipo chapafupi pomwepo ndi pamene panali khitchini ya mayi ake. Pamalo amenewa moto sunkazima chaka chonse, anansi ankadzapala m'mawa uliwonse ndi phale. Lero mwana wa pakhomo pomwepo akusowa khala limodzi! Zikhale analira, kulira kwenikweni kwa mamina, ndipo anadzitukwana ndi mawu amene sindingawabwereze pano. Kuchokera m'nyumba muja ankamva amayi a kwaya akuyamba nyimbo ina.

Pobwerera anapeza a Nebert atakhala pakhonde, akunjenjemera, mimba itatupa modabwitsa. Anali atailowetsa banjo m'kati mwa jasi, ataikumbatira pachifuwa.

"Ndati kutentha thupi kwangaku kugwireko ntchito," anatero akuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. "Koma nakonso n'kwaulesi. Yangofunda pang'ono."

Pafupi ndi khondelo panaima Landirova ya anthu a wayilesi, ndipo m'katimo munagona dalaivala wawo, a Abdulmajid, bambo wonenepa wa ku Mangochi. Chifuwa chija chinawadzutsa. Anatsitsa galasi n'kumuona Zikhale, maso ali psuu.

"Nanga bambo wamkulu kulira masana ano, kwagwanji? Maliro?"

"Ndikufuna moto, bambo. Chikopa cha banjo chanyowa."

"Moto basi? Aaa, inu! Ine moto ndimayenda nawo, ndi umene wandichotsa ku Blantyre."

Analiza injini, n'kuponda mafuta mpaka galimoto yonse inanjenjemera. Itatentha anatsegula boneti, n'kuichirikiza ndi kachitsulo kake, bonetiyo n'kukhala ngati denga lotchinga mvula. Zikhale analowetsa mutu ndi manja m'menemo, atagwira banjo chafufumimba pamwamba pa injini, akuitembenuza pang'onopang'ono monga ankachitira pa moto wa ukwati. Fungo la mbuzi, sopo ndi oyilo linasakanikirana. Anagogoda chikopa ndi chala: phwa. Anadikira, thukuta likutsika ngakhale kunali kozizira. Anagogodanso: pha. M'nyumba muja amayi anafika pa nyimbo yotsekera, ija yoimba pang'onopang'ono.

"Pondaniponi mafuta, bambo, chonde!"

"Ndikuponda! Mukufuna ndiphulitse galimoto ya eni?"

Chikopa chinayamba kuchita utsi woyera, kenaka chinakungika, kamtengo kaja n'kudzuka. Zikhale anagogoda: ng'aa! Anafuna kuisiya pang'ono kuti iwonjezere, koma a Nebert anakuwa ali pakhonde.

"Chotsa, iwe! Wayamba waichapa, tsopano ufuna uiotche?"

Abalewo analowa amayi a kwaya akutuluka, a Percy atagwira kale chivundikiro cha makina. Zikhale anangokanda nsambo zonse zinayi, chipinda chonse n'kulira. A Percy anabweza chivundikirocho pansi, n'kuika tepi ina. Anawaimika abalewo kutsogolo kwa maikolofoni, mawilo aja n'kuyamba kuzungulira.

"Tiuzeni dzina lanu, bambo, ndi tsiku limene munabadwa. Kwathu ku wayilesi timakonda kuulutsa nyimbo ya woimba pa tsiku lake lobadwa."

"Ndine Nebert Banda, mwana wa a Chikaonda a kwa Mdzeka. Za tsikuzo, amayi ankangoti kunali mvula."

"Mvula ngati ya leroyi?"

"Ndiye ndi lero lomwe. Tiyeni bwana, banjo ikuzizira."

Zikhale anayamba, zala zikuthamanga pa nsambo zofunda, ndipo a Nebert anatseka maso n'kutsegula pakamwa. Inali nyimbo ya bambo awo, ya mwamuna wotumidwa mchere:

*Munandituma mchere pa Bwalo la Njobvu,*
*ndagula chipewa, Nabanda, mchere ndaiwala.*
*Ndiwo zisakolere, koma taonani mwamuna wanu,*
*taonani mwamuna wanu m'mene watchenera!*

Mawu anatuluka okhuthala, okoka, ngati sanadwalepo. Pakati pa nyimbo Zikhale anaona khosi la mkulu wake likugwedezeka, chifuwa chikukwera. Anakokera banjo patsogolo, n'kuiliza yokha kanthawi, kubwereza ndi kubwereza, mpaka a Nebert anachimeza chifuwacho n'kulowanso. Anafika kumapeto. A Percy anakweza dzanja, mawilo anaima, ndipo pamenepo ndi pamene a Nebert anatsokomola mpaka kugwada pa kapeti. Zikhale anakhala pansi pomwepo, mtima uli m'malo koyamba chiyambire tsiku lija kuseri kwa thanki. Tsopano zivute zitani, mawu aja anali m'tepi.

Za chifuwacho musade nkhawa. Mankhwala a mayi Phyllis anagwira, miyezi yozizira inabwera n'kupita, a Nebert ali gwa. Anakhalanso zaka zambiri, ndipo anasanduka munthu wovuta, chifukwa chaka chilichonse m'February nyimbo ija ikalira pa wayilesi ankafuna nkhuku, ati ndi tsiku lawo lobadwa. Naphiri ankadandaula kuti alamu ake anabadwa ndi ndevu kuti amalize nkhuku za eni. Zikhale anagwira ntchito ya m'maluwa mpaka msana unakana, ndipo banjo ija sanaichapenso.

Koma chimene ankakonda kusimba atakalamba ndi chimene chinachitika asanatuluke m'chipinda muja. A Percy anabweza tepi kuti amve ngati yajambulika bwino. Abale awiriwa anali asanadzimvepo chibadwire. Banjo inayamba, Zikhale n'kumwetulira poizindikira. Kenaka mawu anatuluka m'bokosimo, ndipo a Nebert, amene ankapukuta pakamwa ndi kansalu, anaima chilili. Munthu sadzimva m'mene ena amamumvera, ndipo mawu amene ankatuluka m'makinamo sanali amene iwo ankawamva m'mutu mwawo akamaimba. Koma ankawadziwa.

"Bwana, mwawatenga kuti amenewa?"

"Ndinu amene, bambo," anatero a Percy.

"Ayi. Ine ndimangokanda pamwamba." Anamvetseranso, mutu utapendekera kubokosiko, misozi ikutsikira m'jasi. Kenaka anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa mng'ono wawo mwamphamvu. "Zikhale, tchera khutu. Ndi bambo awa. Ndi m'mene ankaimbira, ndendende, ngakhale pokoka mpweya. Bambo ako ndi amenewa."

Zikhale anasendera pafupi ndi makinawo, chipewa chili m'manja. Panja a Abdulmajid anali akuliza hutala, mvula ikulimba, ndipo a Percy anayang'ana wotchi yawo. Nyimbo itatha Zikhale anatembenukira kwa a Percy.

"Bwana, pepani. Tabwezaniponi kamodzi. Sindinawamvepo."

A Percy anavula wotchi ija n'kuiika m'thumba, ndipo anabweza tepi.